Timaenje ta Pakati pa Mbale

Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, kuntchito amawatcha a Sagwedera. Dzinali linachokera ku manja awo. Mukawapatsa kapu ya tiyi yodzaza mpaka m'milomo, akhoza kukwera nayo masitepe osataya dontho ngakhale limodzi, kwinaku akukukalipirani kuti mwavala malaya osasita. Ine ndimakonza makina m'labotale momwe iwo agwiramo ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ntchitoyi anandipezera ndi iwo omwe, choncho ndikamanena za iwo ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku. Koma nkhani iyi anandiloleza okha. Anati, "Nenani, alamu, koma musathire mchere monga mwa chizolowezi chanu."

Ntchito yawo ndi yovuta kufotokozera achibale. Apongozi anga mpaka lero amauza anthu kuti mwana wawo woyamba ndi namwino. Zoona zake n'zakuti a Sagwedera amaweta maselo, tinthu tamoyo tating'onoting'ono tochokera ku chiwindi, tosaoneka popanda makina okuzira zinthu. Amawaweta m'mabotolo a madzi ofiirira, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, ndipo amawadyetsa pa nthawi yake, kaya ndi Loweruka kaya ndi Lamulungu. Akachuluka amawagawira m'mbale ya pulasitiki yaikulu ngati chikhatho, yokhala ndi timaenje 96: mizere isanu ndi itatu, mzere uliwonse timaenje khumi ndi tiwiri. Chogawira chake amachitcha pipeti. Chimaoneka ngati cholembera chonenepa, chokhala ndi batani pamwamba. Ukadina ndi chala chachikulu n'kusiya, chimayamwa kadontho, ukadinanso chimalavula. Kadontho kamodzi m'kadzenje kamodzi, mpaka mbale yonse ithe, ndipo pa tsiku ankatha mbale zisanu ndi imodzi.

Pakhomopo analowa ngati wotsuka mabotolo. Chinawakweza ndi mafunso. Munthu ameneyu sangaone chinthu n'kungochisiya. Bwanji madzi awa asanduka achikasu? Bwanji botolo ili mwaligoneka, ilo mwaliimika? Akuluakulu a nthawi imeneyo anatopa ndi kuyankha, mpaka wina anangowapatsa pipeti kuti mwina akatanganidwa akhala chete. Sanakhale chete, koma zinadziwika kuti panyumba yonseyo palibe wa manja ngati awo. Kunyumba kwathu nako n'chimodzimodzi. Tsiku lina anamasula wailesi yanga yabwinobwino kuti aone chimene chimachititsa kuti izilira phokoso galimoto ikamadutsa. Wailesiyo sinalankhulenso, ndipo ine sindinakhululukebe.

Mkulu wa kafukufuku wathu ndi adokotala ena ake aatali, oyenda mofulumira, omwe kuseri timawatcha a Tiyesenso, chifukwa chilichonse chimene ungawaonetse yankho lawo ndi lomwelo. Iwo ankafunafuna mankhwala oteteza chiwindi. Anali ndi mitundu 22, yopanda maina, yodziwika ndi manambala okha. Kayesedwe kake kanali kotere. Maselo akakhazikika m'timaenje amawathira kapoizoni pang'ono, kenaka mankhwala, mtundu uliwonse m'timaenje tinayi. Timaenje tisanu ndi titatu totsala ankatisiya topanda mankhwala kuti pakhale poyerekezera. Mbale imagona m'kabati masiku atatu, kenaka amathira utoto. Momwe maselo apulumuka ambiri madzi amasanduka apepo wakuda, momwe afa amakhala otuwa. Pamapeto makina ena amayeza mtunduwo n'kutulutsa manambala.

Zaka zitatu zathunthu, nambala fotini ankapambana. Mankhwala ena lero akwera, mawa atsika, koma Fotini nthawi zonse anali pamwamba. Adokotala ankati tiyesenso, a Sagwedera n'kuyesanso, Fotini n'kupambananso. Tinafika pomamutchula ngati munthu. M'mawa anthu ankafunsana kuti Fotini wadzuka bwanji.

Kenaka adokotala anayamba kulemba pepala loti likasindikizidwe m'magazini ya akatswiri, ndipo anauza alamu anga kuti dzina lawo likhalapo, lachitatu pa mzere wa olemba. Zaka zonse zija manja awo anali atakweza anthu ambiri, koma dzina lawo linali lisanalembedwepo pena paliponse, kupatula pa chitseko cha kabati yosungira majasi. Tsiku limenelo anabwera kwathu osaitanidwa. Anakhala pampando, chikwama chili pamiyendo, n'kufunsa ngati pa mapepala otere amalemba dzina lonse kapena chilembo choyamba chokha. Mkazi wanga analira. Ine ndinati tigule felemu yopachikira pepalalo pakhoma, ndipo anandikalipira kuti ndikuthamanga, koma ndinaona kuti asangalala kwambiri.

Pepalalo lisanatumizidwe, kunabwera makina atsopano ogawira maselo. Anafika m'bokosi lathabwa lomwe linakana kulowa pakhomo mpaka tinazula chitseko. Ndinawalumikiza ndine, masiku anayi, buku lake lili pambali. Ndi kabati yagalasi yaikulu ngati tebulo lodyera, ndipo m'kati mwake muli mkono wachitsulo woyenda pa njanji. Mkonowo umatola kansonga katsopano ka pulasitiki, n'kuviika m'chubu, n'kuyamwa, n'kukalavula m'kadzenje, n'kutaya kansongako. Anthu ankanong'ona kuti a Sagwedera akwiya poona chitsulo chikuwalanda ntchito. Anthuwo sankawadziwa. Tsiku loyamba anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi galasi m'mawa wonse, mphuno itatsala pang'ono kuligunda.

Chinawadabwitsa ndi kayendedwe ka mkonowo. Munthu amayambira kumanzere n'kumapita kumanja. Uwu ayi. Walavula pakona, wathamangira pakati, wabwerera m'munsi, walumphira kumtunda.

"Alamu," anandiitana, "chidakwa chanuchi chikudziwa kumene chikupita?"

"Chimauzidwa ndi kompyuta."

"Nanga kompyutayo imauzidwa ndi ndani?"

"Palibe. Imachita maere. Mbale iliyonse imakhala ndi mapu akeake, ndipo mapuwo imawasunga yokha."

"Maere? Pa ntchito ya anthu ophunzira? Chifukwa chiyani?"

Ndinawayankha zimene ndinawerenga m'buku, kuti n'cholinga choti pasakhale mankhwala okhala ndi malo akeake m'mbale. Ndinanena molimba mtima ngati ndikuzimvetsa, pomwe ndinangoloweza. Iwo anangoti "Oho," n'kubwerera pagalasi. Kuyambira tsiku limenelo makinawo dzina lawo linali Chidakwa.

Adokotala anafuna kuti Chidakwa chigawe mbale khumi zotsimikizira, pepala lipite litanenepa. Patatha masiku atatu manambala anatuluka, ndipo Fotini anali pakati pa gulu, wamba ngati anzake onse. Adokotala anati tiyesenso. Zinatuluka zomwezo. Ulendo wachitatu sananenenso mawu awo aja, anangotembenukira kwa ine.

"Makina anuwa ali bwinobwino?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Zinthu zikamayenda makina amakhala a labotale, zikavuta amakhala anga. Ndinatenga sikelo yathu yoyeza ngakhale tsitsi, n'kuyeza madontho a Chidakwa limodzilimodzi tsiku lonse. Onse anali ofanana ngati mapasa. Ndinawapititsira adokotala pepala la miyesoyo, koma iwo anati mwina mkonowo umalavula mwamphamvu n'kuvulaza maselo. Anapempha a Sagwedera kuti agawe mbale zitatu ndi manja monga kale. Fotini anapambana.

Mukanaona chisangalalo chake! Pa nthawi ya tiyi anthu anawomba m'manja, ena n'kumati chitsulo chagonja kwa mayi. Wina anamata kapepala pa galasi la Chidakwa kolembedwa kuti chikupuma, chaledzera. Adokotala anati nkhani yatha, pepala lipita Lachisanu la sabata yotsatira ndi manambala a manja okhaokha. Ine ndinamwa tiyi wanga pakona, wowawa ngakhale ndinathira shuga masipuni atatu. Koma nditayang'ana alamu anga, omwe ankayenera kukhala akuvina, ndinaona akungozunguza sipuni m'kapu, maso ali pakhoma.

Madzulo tikuweruka anandigwira mkono. "Mapu aja a Chidakwa mungandisindikizire? Onse, pamodzi ndi manambala ake."

Lamulungu masana anabwera nawo kwathu. Titatha kudya anasuntha mbale, n'kuyala mapepala pa tebulo, n'kubwereka mapensulo amitundu a mwana wathu wamkazi. Anajambula mabokosi 96 pa pepala lililonse. Sanasamale kuti m'kadzenje muli mankhwala ati. Pomwe nambala inali yaikulu ankapaka kwambiri, pomwe inali yaing'ono ankapaka pang'ono. Mkazi wanga ankachotsa makapu akung'ung'udza kuti anthu ena sadziwa kuti Lamulungu n'lopuma. Atapaka mapepala asanu, ngakhale ine wosaphunzira za maselo ndinaona. Pepala lililonse linali lakuda pakati, lotuwa m'mbali, ngati chiwaya chopserera.

"Taonani zimenezi," anatero, mawu ali pansipansi. "Kaya muli mankhwala ati, apakati akupulumuka."

"Chifukwa chiyani?"

"M'mphepete mumauma, alamu. M'kabati muja n'mofunda, ndiye timaenje ta m'mbali timataya madzi msanga, maselo n'kumavutika. Zimenezo ndinazidziwa kalekale. Koma sindinkadziwa kuti kusiyana kwake n'kwakukulu chonchi."

"Nanga inu Fotini mumamuika pati?"

Anaika pensulo pansi, n'kuiwongola kuti ifanane ndi inzake.

"Pakati," anatero.

Anafotokoza okha, ife osawafunsa. Adokotala ankangowapatsa machubu ndi mndandanda, koma poika ankasankha okha, n'kulemba m'kope lawo. Manambala akatuluka ankawasanja bwinobwino potsata mankhwala, ndiye adokotala ankalandira tebulo loyera, osaona kuti uyu anakhala pati. Ulendo woyamba weniweni Fotini anangopezeka pakati mwangozi, ndipo anachita bwino. Kuyambira pamenepo alamu anga ankamusungira timaenje tinayi ta pakatikati, kuopa kuti chinthu cholonjeza chotere chingawonongeke ndi kuuma. Enawo ankawaika malinga ndi chubu chimene chafika m'manja. Opanda mankhwala aja ankawaika m'makona, poti analibe chotaya.

"Sindinkabisa," anatero. "Zonse zili m'kope. Ndinkaona ngati ndikusamala ntchito."

Mkazi wanga anali ataima pakhomo la kukhitchini, nsalu yopukutira ili m'manja. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndi inu ndithu, achemwali. Kwathu tinkagona asanu pa bedi limodzi, bulangete limodzi. Ine wa chifuwa munkandiika pakati, inu n'kugona kumphepete msana uli pamtunda. Mpaka lero simunasinthe." Kenaka anabwera n'kukhala pansi. "Koma tamverani. Mwaba? Ayi. Mwanama? Ayi. Adokotala anena okha kuti nkhani yatha. Zaka zonsezi mwakhala mukukweza ana a eni, lero dzina lanu lafika pakhomo, mukufuna mulibweze nokha? Pindani mapepalawa, mwana apeze pojambulira."

Apa ndiyenera kuulula. Ine ndi amene ndikanapindula choonadi chikadziwika, chifukwa Chidakwa changa chikanayera. Koma nditaona nkhope ya alamu anga ndinagwirizana ndi mkazi wanga. Ndinati makina alibe manyazi, akhoza kusenza mlanduwo, ndipo ine ndazolowera kunenedwa.

Anatiyang'ana tonse awiri ngati tayankhula zopanda mutu. "Inu simukufuna kudziwa?" anafunsa. "Mwina Fotini amagwiradi ntchito, pakatipo pamangomuthandizira. Mwinanso ndi madzi chabe. Ine ndingagone bwanji osadziwa?"

Lolemba m'mawa anatenga mbale imodzi yotsala n'kuigawa ndi manja. M'timaenje tinayi ta pakati sanaikemo mankhwala alionse. Fotini anamuika m'makona onse anayi. Anandiitana kuti ndione ndi maso anga, ndipo ndinasaina m'kope ngati mboni. Masiku atatu amenewo ndinawaona akudutsa pa kabati yofunda ija kawirikawiri, n'kumasuzumira pa kagalasi kake ngati muli mwana wodwala. Adokotala nawo ankadutsa akuimba kamluzu, akukonza zotumiza pepala.

Lachinayi cha m'ma teni anathira utoto. Tinadikira maola awiri, kenaka anatulutsa mbaleyo n'kuiika pa pepala loyera. Panalibe chifukwa choipititsira ku makina oyezera. Pakati, pomwe panalibe mankhwala, panali papepo wakuda bii. M'makona mwa Fotini munali motuwa.

Ndinkayembekezera kuti alira. Koma anaweramira mbaleyo, n'kuitembenuza uku ndi uku, n'kuikweza pa kuwala kwa zenera. "Ha! Taonani, alamu," anatero. "Malo okha basi! Madzi enieni apambana mankhwala chifukwa chokhala pabwino." Nkhope yawo inawala ngati tsiku lija anamasula wailesi yanga. Zinatenga kanthawi kuti chimene apezacho chiwafike pamtima. Ndinaona kumwetulira kukuzilala pang'onopang'ono, ndipo anakhala pampando n'kuvula magolovesi chala chimodzichimodzi. Zinandipweteka kwambiri kuwaona choncho.

"Ndikawauze ndine?" ndinafunsa. "Ndikhoza kunena kuti ndazitulukira poyeza makina."

"Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anaimirira n'kutsegula kabati ya pansi pa tebulo lawo. Munali katoni yodzaza makope a zikuto zolimba, ena akale mpaka mapepala achita chikasu. "Inu nyamulani iyi. Musamale, pansi pake ndi pofooka."

Ofesi ya adokotala ndi kachipinda kopanikiza, ka zenera limodzi ndi mpando umodzi wa alendo womwe nthawi zonse pamakhala mulu wa mapepala. Tinawapeza akuwerenga pepala lija pa kompyuta komaliza. Ndili pakhomo ndinaona mzere wa maina pamwamba, ndipo lachitatu linali la alamu anga, lolembedwa lonse.

A Sagwedera anaika mbale pa tebulo, n'kuyala mapepala opaka aja pambali pake. Anafotokoza mwadongosolo, osadzichepetsa mopitirira, osadziikira kumbuyo. Adokotala anamvetsera atagwira chibwano. Anayang'ana mbale, anayang'ana mapepala, anayang'ananso mbale. Anafunsa mafunso awiri atatu, ndipo lililonse linali ndi yankho m'kope. Kenaka anavula magalasi n'kutikita m'maso nthawi yaitali.

"Zaka zitatu," anatero. "Ndipo ine sindinafunsepo n'kamodzi komwe kuti mumaika pati. Kulakwa kumeneko n'kwanga, mayi." Anatembenukira kwa ine. "Makina anu alibe vuto. Pepani."

Kupepesa kumene ndinkakufuna sabata yonse kunafika, koma sikunandikomere n'komwe.

"Ndiye pepala lija?" anafunsa alamu anga.

"Palibe pepala."

"Ndinadziwa. Ndimangofuna ndimve ndi makutu anga."

Adokotala anatseka kompyuta. Ndipamene anaona katoni ili m'manja mwanga, poti ndinali ndisanapeze poiika.

"Nanga izo?"

"Makope anga onse, kuyambira tsiku limene ndinagwira pipeti," anatero a Sagwedera. "Fotini si woyamba, adokotala. Aliyense amene ankabwera ndi machubu ake, ndinkaona kuti mtima wake uli pa chubu chiti. Muyenera kuona kuti ndi ntchito ziti zofunika kuyesanso."

Ndinaika katoniyo pamwamba pa mulu wa pampando. Adokotala anatulutsa kope limodzi, n'kulibweza, n'kutulutsa lina. Anali kuwerenga zaka zolembedwa pa zikuto, ndipo ndinaona dzanja lawo likutsikira pansi pa katoni, kufunafuna chaka china chake. Analipeza kope lobiriwira, lothothoka m'mbali. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo iwo anali wophunzira pa tebulo lomwelo la alamu anga, mnyamata wowonda wa nsapato imodzimodzi, ndipo digiri imene inawapatsa udokotala inachokera m'mbale zimene zinalembedwa m'kope limenelo. Anatsegula tsamba lina, n'kutsata mabokosi ndi chala. Anatsegula lina. Chala chinkaima malo omwewo, pa timaenje ta pakati.

"Ndi anga omwe?" anafunsa adokotala.

Alamu anga anapinda manja awo osagwedera aja pamimba, n'kuwayang'ana adokotala m'maso.

"Inu ndiye ndinkakumverani chisoni kwambiri," anatero. "Munkabwera osadya."